Kuperekeza a Watson

Moni kwa inu amene mwatsegula nkhani iyi, kaya muli m'basi, kaya mwangokhala pansi mutaweruka. Tiyamike Mulungu amene watisunga kufikira lero, Iye amene amadziwa njira zonse za ana ake, ngakhale zija anthu anazitseka ndi njerwa. Ndikuthokozaninso inu pondipatsa kanthawi kanu, pakuti kuno kanthawi sikatoledwa pansi.

Chinali chaka cha 2011, mavuto a zachuma atakhazikika mu Ireland ngati mlendo wosatsazika. Ku Tyrrelstown, m'mphepete mwa mzinda wa Dublin, kumene Clotilda ankakhala, munthu ukayang'ana pazenera la basi unkaona nyumba zimene amisiri anazisiya zisanathe, udzu ukumera pamene panayenera kukhala chitseko. Clotilda anali mayi wa ku Bembeke, woyimba kwaya chiyambire utsikana wake, ndipo ankagwira ntchito yosamalira okalamba pa nyumba ina ku Blanchardstown. Chaka chimenecho eni nyumbayo anachotsa antchito ena, natseka mbali imodzi ya nyumba kuti asamaitenthetse m'nyengo yozizira. Okalamba amene ankagona aliyense m'chipinda chake anayenera tsopano kugona awiriawiri.

Kusamutsa mabedi kunachitika Loweruka, tsiku limene nesi wamkulu, mayi Maureen, anali pa tchuthi. Anangosiya mawu akuti amuna agone ndi amuna anzawo, akazi ndi akazi anzawo. Ntchitoyo inagwera Clotilda ndi Rodwell, bambo wa ku Mchinji amene ankakonza zowonongeka ndi kunyamula katundu panyumbapo.

"Achemwali, a Watson tiwaphatikize ndi ndani?" anafunsa Rodwell atagwira bedi kumiyendo.

"Nalonso ndi funso? Ndi a Thomas. Onse ndi a ku Belfast. Simumamva mmene amatafunira Chizungu?"

"Eee, akumudzi! Ndiye tawachitira zabwinotu. Ine tsiku lina ndinamva munthu akukalipa pa foni m'Chichewa cha kwathu mu shopping centre umu. Ndinamukumbatira ndisanamufunse dzina."

"Munapeza kuti ndani?"

"Msuweni wa munthu amene anandilanda chibwenzi. Koma tchipisi tinadyera limodzi."

Anakankha bedi akuseka. Mtima wa Clotilda unali mbee. Kwa iye panalibe mphatso yoposa imeneyi: nkhalamba ziwiri zokhala kutali ndi kwawo, tsopano zizikumbutsana misewu, nyimbo ndi anthu akale.

A Thomas, amenenso anali atangowasamutsira m'chipindamo, anali pa mpando wawo wa matayala pafupi ndi chitseko, kolona ili m'manja. Sitiroko inawapha miyendo ndi dzanja limodzi, koma mutu ndi lilime zinatsala zakuthwa. A Watson anali aatali, owonda, mtima wawo unali utatopa, ndipo nzeru zinkawabwerera ndi kuwachokera ngati dzuwa la mu Dublin.

"Agogo, ndakubweretserani mnzanu wa kwanu," anatero Clotilda.

A Thomas anayang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Belfast yake iti, bwana?"

"Shankill," anayankha a Watson osaganiza kawiri. Zambiri anali ataiwala, koma dzina limenelo ayi.

"Ine wa ku Falls," anatero a Thomas. Kenako anati, "Tilda, koka katani iyo."

Katani imene ankanena inali yabuluu, yolendewera pa chitsulo pakati pa chipinda, yoti azikoka pomusambitsa munthu. Clotilda anaikoka, akuganiza kuti ndi manyazi a tsiku loyamba.

Lolemba mayi Maureen atamva anagwira mutu. "Clotilda, mwana wa Mulungu iwe, watsekera galu ndi mphaka m'thumba limodzi!" Koma kusintha kunali kovuta. Zipinda zina zonse zinali zitadzaza, achibale a okalamba ena anali atauzidwa kale n'kuvomera, ndipo dokotala anati a Watson asasunthidwenso. Katani ija inakhala chikokere.

Chifukwa chake Clotilda anachimva m'mawa wina akuwameta ndevu a Thomas.

"Za kwathu unaphunzirapo kusukulu?" anafunsa, sopo ali mbuu kumasaya.

"Ayi agogo. Ife tinkangodziwa kuti ku Ireland ndi kumene kumachokera ansembe."

"Ndiye tamvera. Chilumba chino anachidula pawiri bambo anga ali anyamata. Kuno kummwera kunayamba kudzilamulira, kumpoto kunatsala m'manja mwa Angerezi. Belfast ili kumpotoko. Mumzindamo ena ankafuna kulamulidwa kuchokera ku London, ena kuchokera ku Dublin. A London ambiri anali Apulotesitanti, monga ali kuseriyu. A Dublin ambiri Akatolika, monga ine ndi iwe. Misewu yathu ikuluikulu iwiri, Shankill yawo ndi Falls yathu, inagona moyandikana ngati zala, ndipo panali timisewu ting'onoting'ono toilumikiza. Ine ndinabadwira mu kamsewu kotero. Mu Ogasiti 1969 kunatsika gulu la anthu kuchokera kumtunda, kwa iwowo, atanyamula mabotolo a petulo. Kutacha, kamsewu kathu kanali makala okhaokha. Amayi anatuluka ndi ketulo m'manja. Ketulo! Anaiwala kambalame kawo kachikasu kamene ankakasunga m'kakhola pazenera. Mpaka kufa kwawo sankalira nyumba, ankalira kambalameko."

"Pepani agogo."

"Asilikali anabwera kudzaika waya waminga pakati pathu. Anati ndi wa masabata ochepa. Waya anasanduka malata, malata anasanduka khoma lotalika kuposa nyumba. Akuluakulu anasainirana za mtendere, papita zaka zoposa khumi, koma khomalo lilipobe, ndipo zipata zake amazitseka madzulo ngati khola la mbuzi. Ife anatikweza sitima kutibweretsa ku kampu ya asilikali kufupi ndi Balbriggan. Bulangete limodzi, mbale ya chitsulo. Ndinali wothawa kwawo iwe usanabadwe."

Lezala linaima m'dzanja la Clotilda. "Inenso kuno ndinayambira m'kampu ya othawa kwawo, agogo."

"Ndiye ukudziwa. Meta, sopo akuuma."

Anameta pang'ono, kenako anafunsa motsitsa mawu. "A Watson analipo m'gulu lija?"

"Ndidziwa bwanji? Nkhope zonse zinali zofiira ndi moto. Ukamufunsa mwini wake, sakumbukira ndi zimene wadya m'mawa zomwe. Ndiye iye akhale uko, ine kuno."

Chipindacho chinagawika moipa. Zenera linagwera mbali ya a Watson, chitseko ndi chotenthetsera zinagwera mbali ya a Thomas. Wina anali ndi kuwala koma akuzizidwa, wina akufundidwa koma akuyatsa getsi masana. Rodwell akabwera kudzakonza mpope ankaima pa katani n'kunena m'Chichewa, "Achemwali, pasipoti ndaiwala, andilola kuwoloka?" Clotilda sankaseka. Ankazungulira katani ija m'mawa, masana ndi madzulo akung'ung'udza nyimbo za kwaya, akukumbukira linga la Yeriko limene linagwa ndi kuyimba. Koma nsaluyo inali yolimba kuposa miyala ya ku Yeriko.

Clotilda anali ndi chizolowezi chimodzi chimene mayi Maureen anachilephera. Mlendo aliyense wodzaona okalamba akamapita, iye ankasiya zimene akuchita n'kumuperekeza, kutuluka naye pakhomo mpaka poimika magalimoto, nthawi zina mpaka pageti.

"Anthuwa njira akuidziwa, Clotilda," ankatero mayi Maureen. "Mabelu akulira mkati muno."

Tsiku lina a Thomas anamufunsa. "Umakawasecha m'matumba kunjako?"

"Ayi agogo. Kwathu mlendo sasiyidwa pakhomo ngati madzi otsukira mbale. Umayenda naye mpaka pamene dera lako lathera, kaya ndi pamtsinje, kaya ndi pamtengo wodziwika. Mukafika pamenepo mumatsazikana, iwe n'kubwerera. Kumeneko ndiye kuperekeza."

"Nafenso kwathu tinkaperekezana mpaka pamalire," anatero a Thomas. "Koma ndi miyala."

Mmodzi mwa anthu amene Clotilda anawaperekezapo anali Joy, mwana yekhayo wa a Watson. Joy anakwatiwa ku Dublin, ndipo amayi ake, a Vera, atamwalira anawatenga bambo ake kudzakhala nawo pafupi. Koma mwamuna wake anali mmisiri womanga nyumba, ndipo ntchito yomanga itatha anasamuka ndi banja lonse kupita ku Australia. Tsiku lotsazika, poimika magalimoto paja, Joy anagwira Clotilda manja onse awiri akulira. Masiku amenewo zipatala zinkadzaza moti okalamba ankagonekedwa pa machira a matayala m'makolido, anthu akudutsa uku ndi uku. "Chinthu chimodzi chokha," anatero Joy. "Asakafere pa kolido. Afere pabedi pawo, pali munthu." Clotilda anavomera pamaso pa Mulungu.

Novembala atalowa, mdima n'kumayamba cha m'ma 4 koloko, a Watson anasiya kukhazikika. Dzuwa likangopendeka ankakankha zofunda, kufunafuna nsapato pansi pa bedi, akunena kuti wezulo ya kufakitale yalira. Ali mnyamata ankagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo imene inali mbali ya Akatolika, ndipo m'mutu mwawo anali akuwerukabe kumeneko.

"Vera akudikira," ankatero. "Atseka njira. Ndani watseka njira?"

Tsiku lina anatsika pabedi n'kugwa, kuchekeka pachipumi. Mayi Maureen anamuitana Clotilda mu ofesi, maso ali ofiira ndi kutopa.

"Dokotala akuti atsala ndi masiku ochepa. Ndikanakonda atsirizire pano, ukudziwa. Koma ndilibe munthu woti akhale nawo pambali. Akagwanso, kapena akapitiriza kulimbana chonchi, ndiyenera kuitana ambulansi. Lamulo likutero."

"Ndiye kolido ija, mayi."

"Ndikudziwa, Clotilda."

Clotilda anachoka mu ofesimo. M'basi yobwerera kunyumba sanathe kukhala pansi. Pa Misa Lamulungu anasokoneza nyimbo imene ankaidziwa chibadwire. Ankaganiza za lonjezo lake, ndiponso za kuti munthu yekhayo amene ankakhala ndi a Watson tsiku lonse anali kuseri kwa nsalu, atatembenukira kukhoma.

Lachiwiri masana mnzake wa shifiti anadwala, ndipo Clotilda anatsala yekha ndi kolido yonse. Kunja kunkawaza kamvula. Anathamanga ndi tiyi, anathamanga ndi matawulo, maso ali pazenera kumene kuwala kunkachepa. Atalowa m'chipinda cha anthu a ku Belfast anapeza a Watson atatulutsa kale mwendo umodzi, akupuma mobanika.

Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwagwira phewa. "Agogo, mwafika kale kwanu. Muno ndi m'nyumba mwanu."

A Watson anamuyang'ana ndi maso oyera bwino. "Usandinamize, mtsikana. Kwathu kulibe nsalu yotereyi." Anayesanso kudzuka. "Ndatuluka pageti koma pali khoma. Dzulo panalibe khoma."

Clotilda anapemphera mumtima mawu awiri okha, kenako anati, "Chabwino. Tiyeni ndikuperekezeni. Tsekani maso. Tatuluka pageti la fakitale. Tsopano tikhotere kumanja."

"Kumanja kuli damu!" Mawuwo anachokera kuseri kwa katani. "Ukufuna ukamumize?"

"Ndiye tipite kuti, agogo Thomas?"

"Si ntchito yanga."

"Chabwino, tiwoloke msewu tikakwere basi."

"Basi yanji? Palibe basi imene inadutsapo pamenepo chilengedwere dziko! Ine ndakhala kondakitala moyo wanga wonse, kwathu ndi kuno komwe, sindinamvepo zopusa zotere."

Nthawi yomweyo belu linalira kumapeto kwa kolido, losalekeza. Linali la mayi Ursula, amene ankakonda kutsamwa akamamwa tiyi. Clotilda anaimirira, anakhalanso, anaimiriranso. Kupita kunali kusiya a Watson kuti agwe. Kusapita kunali kusiya mayi Ursula. Mayi Maureen anali mbali ina ya nyumba akugawa mankhwala.

Anazungulira katani n'kugwada pansi patsogolo pa mpando wa a Thomas, monga mwana wa ku Bembeke amagwadira mkulu.

"Dzuka iwe, sindine bishopu."

"Agogo, sindikupemphani kuti muwakhululukire. Zimenezo ndi za inu ndi Mulungu wanu. Ndikungopempha muwaperekeze. Mpaka pamalire pokha, mubwerere."

A Thomas anamuyang'anitsitsa. "Ukudziwa kumene njira yake yachidule inkadutsa? Onse a kufakitale ija ankadutsa mu kamsewu kathu. Pakhomo pa amayi anga. Ukufuna ndimuyendetse mmenemo?"

Clotilda sankadziwa zimenezo. Belu linkalirabe. Anadzuka, anabwezera mwendo wa a Watson pabedi, n'kutuluka akuthamanga.

Mayi Ursula anali atatsamwadi. Clotilda anawakhazika tsonga, kuwasisita pamsana, kuwapukuta pakamwa, koma khutu lake lonse linali kumbuyo, likudikira phokoso la thupi logwa pansi. Atangoti atuluke, bambo wa chipinda choyandikana anataya madzi pabedi. Wina ankafuna kuchimbudzi. Manja ake ankagwira ntchito okha, pamene mtima unali utayamba kale kukonza mawu okamuuza Joy pa foni.

Pobwerera anakumana ndi mayi Maureen pakolido, foni ili m'manja. "Ndamva akukuwa uko," anatero nesiyo. "Ndikuganiza kuti nthawi yoitana ambulansi yakwana." Anafika limodzi pachitseko, ndipo onse awiri anaima.

Katani inali chikokere. Koma mpando wa a Thomas unali utasendera mpaka matayala kukankha nsaluyo, ndipo mawu amene ankatuluka sanali a nkhalamba yong'ung'udza. Anali mawu a kondakitala, okweza, omveka mpaka kumpando wakumbuyo.

"Ndati kumanzere! Wagontha? Eya. Usathamange, pansi pakuterera. Wadutsa pometera tsitsi paja? Pakona pali golosale ya mayi wonenepa uja, yonunkha parafini."

"Pali khoma," anatero a Watson.

"Palibe khoma. Khoma sanamange. Lero ndi tsiku wamba, anthu akuchokera kuntchito, utsi ukutuluka m'machumuni. Lowa mu kamsewu ako."

"Ndalowa."

"Nyumba yoyamba ndi ya wosoka nsapato, wamiyendo yopindika. Mupatse moni, sayankha, usadandaule. Yachiwiri ndi ya ana ambirimbiri aja. Samala, amangirira chingwe pa mtengo wa getsi, akuchita katungwe. Yachitatu ili ndi chitseko chobiriwira. Galu wakeyo saluma, amangonama."

Mayi Maureen anasuzumira kuseri kwa katani. A Watson anali atagona chagada, maso ali otseka, mapazi akusuntha pang'onopang'ono pansi pa bulangete ngati munthu woyenda.

"Yachinayi ndi ya alongo awiri osakwatiwa, okolopa khonde ngakhale kukugwa mvula," anapitiriza a Thomas. "Yachisanu..."

Imeneyo inali nyumba ya amayi awo.

"Kambalame," anatero a Watson.

"Wati chiyani?"

"Pazenera apa. Kachikasu, m'kakhola. Ndikamadutsa ndimakaimbira mluzu, kamayankha." Ndipo nkhalambayo inakweza milomo yake youma n'kuimba kamluzu kofooka, kongomveka mpweya.

Clotilda anagwira chitseko. Anaona msana wa a Thomas ukugwedezeka, dzanja lawo litafinya kolona mpaka zala kuyera. A Watson anayamba kupalasanso zofunda ndi mapazi.

"Kalipo," anatero a Thomas potsiriza, mawu atasasa. "Kakuyankha. Ukukamva? Tiye, usaime pakhomo pa eni ake."

Anamuyendetsa nyumba ndi nyumba, kutchula aliyense ndi chilema chake, ndi fungo la mphika wake, mpaka kamsewu konse kamene kanapsa kanaimanso m'chipindamo. Kenako mawu a kondakitala anatsika.

"Apa ndiye pamene ine ndimathera. Ukuona mtengo wa getsi wotsirizawu? Kutsogoloko ndi kwanu. Ine sindipitirira."

"Ndikuona," anatero a Watson. "Vera wayatsa nyale."

"Ndiye pita. Upukute nsapato pakhomo, angakukalipire."

"Zikomo, mnzanga. Ndiwe wa mumsewu uno?"

"Ndinali."

Mapazi aja analeka kusuntha. Kupuma kwa a Watson kunatsika, kunakhala kwa munthu wogona tulo. Mayi Maureen anayang'ana foni ili m'dzanja lawo ngati sakudziwa kuti yafikamo bwanji, anaiika m'thumba, n'kubwerera ku mankhwala awo.

Clotilda anapita kwa a Thomas ndi thawulo. Nkhope yawo inali yonyowa mpaka m'khosi.

"Tiyi wazizira," anatero, osamuyang'ana. "Ndipo ukauza Rodwell uja, ndikusumira."

Mawa lake dzuwa litapendeka, wezulo inaliranso m'mutu mwa a Watson. "Munthu ameneyu safika kwawo kamodzi n'kukhazikika?" anadandaula a Thomas, koma anali atayamba kale kukankha matayala ndi dzanja lawo lamoyo. Zinatero tsiku ndi tsiku. Kamsewu kaja kankakula. Lero a Thomas akumbukira mtsikana wogulitsa nsomba, mawa akumbukira hatchi ya wogulitsa malasha. Chakudya ankachisiya m'mbale, m'mawa ankadzuka maso ali otupa, ndipo ena mwa mayina ankawatchula ngati akumeza minga. Clotilda anawafunsa ngati zikuwapweteka kwambiri.

"Ukuganiza bwanji? Tsiku lililonse ndimamanga msewu, ndikabwerera ndimaupeza utapsa. Koma amayi ndimawapeza pakhomo. Papita nthawi ndisanawaone ataima pamenepo."

Za kukhululuka sananene, ndipo Clotilda sanawafunse. Anangokumbukira aja awiri a pa njira ya ku Emau, amene anayenda ndi mlendo mtunda wonse osadziwa kuti akuyenda ndi yani.

Tsiku lomaliza Clotilda analipo, atagwira dzanja la a Watson, kamvula kakugogoda pazenera. Anatuluka pageti, anakhotera kumanzere, anadutsa golosale. Atafika pa nyumba yachisanu a Thomas anadikira kamluzu kaja. Sikanamveke. Clotilda anamva dzanja likulemera m'dzanja lake, ndipo anatsegula pakamwa kuti anene, koma a Thomas anali atamva kale kuti kupuma kwaleka.

"Usandidule," anatero. "Sitinafike."

Anapitiriza, nyumba yachisanu ndi chimodzi, yotsatira, yotsatiranso, osadumpha ngakhale imodzi, mpaka pa mtengo wa getsi wotsiriza. Pamenepo anati, "Pita tsopano," n'kuchita chizindikiro cha mtanda, chimene mwini ulendoyo sakanachifuna ali moyo.

Clotilda anamuimbira foni Joy. Anamuuza kuti bambo ake atsirizira pabedi pawo, pali anthu awiri, mmodzi wa iwo wa kwawo.

Galimoto yonyamula maliro itabwera, a Thomas anapempha jasi ndi chipewa. "Ndikankhe, Tilda. Mpaka pageti basi, kenako tibwerere. Si mwambo wanu umenewo?" Anayenda pambuyo pa galimotoyo pang'onopang'ono, Rodwell atawagwirira ambulera, mayi Maureen ali pambali, mabelu akulira mkati. Pageti a Thomas anavula chipewa mpaka galimoto inakhota.

Atabwerera m'chipinda anakhala nthawi akuyang'ana nsalu yabuluu ija.

"Kankha ichi," anatero. "Ndione."

Clotilda anakankha katani mpaka kukhoma. Kuwala kotuwa kunagwera pa bedi lopanda munthu, n'kufika pa mawondo awo. A Thomas anasendera pazenera n'kusuzumira kunja.

"Zimene ankaona ndi zomwezi? Poimika magalimoto ndi mabini?" Anapukusa mutu. "Ndipo ine nthawi yonseyi ndimamuchitira nsanje."

Belu linalira kumapeto kwa kolido, ndipo Clotilda anathamanga.

Tsopano inu amene mwayenda nane mpaka pano, apa ndi pamene ine ndikubwerera. Ambuye akutsogolereni m'njira imene yatsala. Akupatseni woyenda naye pamene njira yakusokonekerani, akulimbitseni mtima tsiku limene adzakupemphani kuperekeza munthu amene simunamusankhe, ndipo madzulo a moyo wanu mukapeze nyale itayatsidwa pakhomo. Mtendere wake ukhale nanu, inu ndi a m'nyumba mwanu. Amen.